Lesia, Wotsegula Misewu ya Anzake

Ine Nestor Wasyliw ndinachotsapo chipale chofewa, chija chimagwa kukazizira n'kutseka misewu, ndi fosholo kuchokera pakhomo panga kuno ku Dubrova mpaka mumzinda wa Saskatoon, m'mawa umodzi wokha, khofi ndisanamwe. Nditafika ndinapeza kuti ndaiwala chipewa, ndiye pobwerera ndinakumba msewu wina pambali pake, poti sindikonda kudutsa pamodzimodzi kawiri.

Bodza limenelo. Fosholo yanga inadya dzimbiri m'khola la ng'ombe zimene ndinagulitsa kalekale, ndipo msana wangawu supuni ikagwa pansi timangoitsanzika. Amene amatsegula misewu kuno ndi Lesia, mwana wa malemu mlongo wanga Stefania, ndipo nkhani ino ndi yake.

Lesia amayendetsa gireda ya khonsolo, chimakina chachikasu chimene chimasalaza misewu ya miyala kukatentha, n'kumakankha chipale kukazizira. Ntchitoyi inali ya bambo ake. Ali kamtsikana ankakwera nawo, atakhala pa bokosi la masipanala, ndipo anadziwa kutsitsa chitsulo chokankhira asanadziwe kuluka tsitsi lake. Anakwatiwapo ndi mnyamata wina wa mano okongola, amene anapita kukagwira ntchito ku zitsime za mafuta ku Alberta. Ananena kuti abwera pa Khirisimasi, koma sanatchule ya chaka chiti. Kenaka mlongo wanga uja anagwa m'matenda, Lesia n'kuwadwazika mpaka kuwaika m'manda. Pamene ankadzutsa mutu kuti aone anzake, anapeza onse atasamuka. Sukulu anaitseka. Nkhokwe yaitali ya tirigu ya m'mbali mwa njanji anaigwetsa. Wansembe amabwera kamodzi pa mwezi, msewu ukalola, ndipo msewu umalola chifukwa cha Lesia.

Moni wa pamsewu kuno ndi zala ziwiri. Suima. Umangokweza zala ziwiri dzanja lili pa chiwongolero, winayo n'kukweza zake, basi mwacheza. Pamatha masabata Lesia osamva liwu la munthu kupatula la bambo wa pa wailesi wonena za nyengo. Zala ziwiri m'mawa, zala ziwiri masana, madzulo kunyumba kukadya chiimire pafupi ndi sinki, poti kuyala tebulo la munthu mmodzi akuti n'kudzinyoza. Ndinamuuzapo kuti, "Iwe, tsiku lina udzatsegula pakamwa n'kupezamo kangaude atabereka ana." Anandikwezera zala ziwiri.

Tsono dziko lathuli ndi lathyathyathya ngati thabwa, lopanda ngakhale chitsamba chobisalapo. Mwamuna akafuna kutaya madzi amangoima kuseri kwa tayala. Koma mkazi wovala ovolosi yokhuthala, majuzi awiri ndi zamkati zofika m'mapazi, kunja kukuzizira moti malovu amafika pansi ali mwala, ayenera kuvula theka la zovala zake pamaso pa dera lonse. Akanayesera, mayi Pelechaty, gogo wina wa kuno, akanamuona ali pa zenera lawo, chonsecho kwawoko n'kutali moti ukanyamuka ndi dzira umakafika ndi tambala. Lesia anapeza nzeru yakeyake: osamwa kanthu. Kapu imodzi ya khofi kusanache, basi mpaka dzuwa kulowa. Chikhodzodzo chikadandaula ankachiyankha monga amandiyankhira ine: tadikirani kaye. Anachita zimenezi zaka ndi zaka, osauza munthu, poti woti amuuze panalibe.

M'mawa wina mu Januwale ndinamva gireda itaima pa geti langa, injini ikulira koma osasuntha. Ndinadikira, ndinamwa khofi, ikadali pomwepo. Nditatuluka ndinamupeza atawerama pa chiwongolero, akunjenjemera mano gwegwegwe, dzanja lina atagwira m'nthiti chakumsana. Nkhope inali ngati phulusa.

"Wamwa chiyani, mtsikana iwe? Bwanji osandigayirako?"

"Ndingopuma pang'ono, amalume. Msewu wa ku manda sindinautsegule."

"A ku manda sathamangira kulikonse. Tsika."

Ndinamukweza mu pikapu yanga n'kupita naye ku kachipatala ka m'tauni yoyandikana nafe. Kumeneko kuli namwino mmodzi, Corinne Desjarlais, mayi wamfupi woyankhula mosapsatira, amene amaona odwala onse a dera lino. Anamuyeza kutentha, anayeza mkodzo, anamugogoda pamsana Lesia n'kudumpha ngati waponda khala la moto. Atamuika diripi anandiyang'ana ine.

"Amalume atuluke kaye?"

"Asiyeni," anatero Lesia, maso ali chitsinzinire. "Nenani zonse. Ngakhale akalalikire ku sitolo, palibe amene angawakhulupirire."

Namwinoyo anakoka mpando. "A Lesia, matenda a m'chikhodzodzo amenewa akhala akupita n'kubwera chaka chonsechi. Ndikakupatsani mapilitsi amazilala, pakapita kanthawi ndi awa. Tsopano tizilombo take tayamba kuwaseka mapilitsi anga, ndipo lero takwera mpaka ku impso. Ine pano ndikungozimitsa moto, chimene chikuuyatsa sindikuchiona. Woti aone mkatimo ndi dokotala wa chikhodzodzo ndi impso ku Saskatoon. Ndinakupezerani malo kawiri. Kawiri konse munaimba foni kuti simupita."

"Kunali chipale."

"Ulendo woyamba unali mu Seputembala. Anthu ankayenda ndi malaya okha."

Lesia anayang'ana kudenga.

"Ndipemphanso kachitatu," anatero namwinoyo, "koma kumeneko mzere ndi wautali, sangamasungire malo munthu wosabwera. Mukakananso, tsiku lina ndidzakutumizani pa ambulansi, ndipo mwina impso imodzi sidzabwerako. Impso sitigula ku sitolo, mayi."

Madzulo ake pobwerera, dzuwa likulowa ngati ndalama yofiira kumapeto kwa minda yoyera, ndinayesa nkhani ziwiri zitatu, koma sanaseke. Titadutsa pamene panali sukulu paja ndi pamene anayankhula, akuyang'ana pa zenera.

"Akuti amalowetsa kachipangizo koonera mkati, ndiye amakugoneka tulo pang'ono. Ukadzuka sakulola kutuluka wekha, ngakhale kuyendetsa galimoto. Mtsikana wa kuchipatalako anandifunsa pa foni kuti, 'Adzakuperekezani ndani?' Ndinakhala chete mpaka anaganiza kuti foni yaduka. Anati halo, halo. Ine n'kuti pepani, tsiku limenelo ndili ndi ntchito."

Tangoganizani. Munthu amene amadziwa geti lililonse m'dera lino, amene mwana aliyense wobadwa nyengo yozizira anafika ku chipatala podutsa m'mapazi ake, kusowa dzina limodzi loti atchule.

"Nanga ine ndine chitsa?"

"Inu amalume, ndi msana wanuwo? Ulendo wonse uja, kupita ndi kubwera, kukakhala pa benchi tsiku lathunthu chifukwa cha chikhodzodzo cha munthu wamkulumkulu? Ayi. Sindinapemphepo munthu ine, sindiyamba ndi nkhalamba."

"Sunapemphe, ndadzipereka ndekha."

"Ndiye ndakana."

Ndinadziwa kuti ndalakwitsa. Kuno munthu sapempha, komanso sapatsidwa poyera. Ukafuna kugawira mnzako nyama umati firiji yadzaza, ingowonongeka. Ukafuna kumuona ngati ali moyo umati ndimangodutsa. Kuti akwere galimoto yako uyenera kukhala kuti umapita komweko kale. Ukangonena kuti ndikuthandize, wamuvula munthu pagulu. Lesia yemweyo, kanjira kolowera kwanga si ka khonsolo, koma chimwalirire mkazi wanga Tekla sikanakwiririkepo. Ndikamuthokoza amati, "Ndimafuna potembenukira." Potembenukira pamenepa pamafika mpaka pa masitepe a khonde langa.

Ndiye panafunika bodza. Mungaganize kuti kwa ine imeneyo ndi ntchito ya chala chimodzi, koma ayi. Mabodza anga ndi aakuluakulu, okhala ndi nyanga, oti munthu amawaonera patali n'kuyamba kuseka. Bodza laling'ono, lovala bwino, loti lilowe m'nyumba osagogoda, ndinali ndisanapangepo. Ndinaganiza masiku angapo. Kenaka ndinagwada movutikira, n'kukoka pansi pa bedi bokosi la akodiyoni yanga. Kale ndinkaimba pa maukwati onse kuno, Tekla akuvina mpaka nsapato kutha. Chimuikireni m'manda sindinaikhudze. Ndinapukuta fumbi pa bokosilo, koma sindinalitsegule.

Lamlungu ndinapita kwa Lesia. Ndinamupeza atakhala m'khitchini atafunda bulangeti, wailesi ikuyankhula yokha. Pa mbaula panali poto wa supu ya bitiruti amene ankaoneka kuti wakhala akutenthetsedwa sabata yonse.

"Ndabwera kudzapempha," ndinatero.

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Usadabwe, manyazi ndinagulitsira kumodzi ndi ng'ombe. Akodiyoni yanga ikutuluka mpweya. Ndikaifinya ikulira ngati mwana wa nkhumba wopanikizika pa geti. Wokonza alipo mmodzi yekha, ku Saskatoon, ndipo akuti ndibwere nayo tsiku lililonse. Koma misewu ya mumzinda ija polowa imandizunguza mutu. Ulendo watha ndinazungulira malo amodzi mpaka matayala a mbali imodzi anatha. Ukanandiyendetsa popita. Pobwera ndi kosavuta, umangoloza kumene kulibe nyumba."

"Mwayambanso kuimba?"

"Mayi Pelechaty akuti akufuna kukwatiwanso. Ndiyenera kukonzeka."

"Mayi Pelechaty ali ndi zaka pafupifupi zana."

"N'chifukwa chake ndikufulumira."

Sanaseke, koma anatembenuza kapu yake patebulo kangapo. Kunja mphepo inkakokolola chipale pabwalo lopanda phazi la munthu wina kupatula langa.

"Lachinayi likubwerali ndili ndi kanthu kumeneko," anatero potsiriza. "Ngati mukupita ndithu."

"Ndikupita ndithu. Kaya iwe."

Tinanyamuka kukuyera kumene. Bokosi la akodiyoni ndinaliika pampando wakumbuyo n'kulimanga lamba ngati mlendo wolemekezeka. Lesia ankayendetsa. Akuchipatala anamuletsa kudya, ndiye inenso masangweji anga a soseji ndinkangowanunkhiza m'thumba. Njira yonse ankayang'ana ntchito ya anzake: apa wasiya chipale chambiri m'mphepete, apa watsitsa chitsulo mopitirira. Galimoto ikabwera kutsogolo ankakweza zala ziwiri. Titayandikira mzinda anthu anasiya kubweza. Anakwezabe kangapo, kenaka dzanja linangokhala phee pa chiwongolero.

Tinaimika pikapu pabwalo la chipatala, ndipo tikutseka zitseko chipale chinayamba kugwa, chopepuka ngati ufa. Mkati, mtsikana wolandira odwala anafunsa funso lija.

"Wokuperekezani ndi ndani, mayi?"

Lesia anandiloza. "Amalume anga awa. Ali ndi zawo m'tauni muno, koma abweranso."

"Ndibwera ndithu," ndinatero. "Ndikangomusiyira wokonzayo katundu wake. Mukamutsegula mwanayu musamale, mkatimo muli dizilo."

Namwino anabwera kudzamutenga. Lesia anavula chijasi chake, anayang'ana uku ndi uku posowa pochiika, n'kuchipinda pamkono. Ndinamuona akupita m'kakhonde kataliko, phewa limodzi lotsika chifukwa cha zaka zoyang'ana chitsulo cha kumanja, ndipo kwa nthawi yoyamba anandionekera wamng'ono. Ndinayenda mpaka pa chitseko chotulukira, ndinaima pang'ono, n'kubwerera kudzakhala pampando.

M'chipinda chodikiriramo anthu anali awiriawiri. Nkhalamba ina inkagwirizira mkazi wake chikwama pamiyendo, mwaulemu ngati yanyamula khanda. Mayi wina ankakalipira mwamuna wake chifukwa cha masokosi osiyana, iye akungomwetulira. Ndinkadziwa kukoma kwa kukalipiridwa kumeneko. Amene tinali tokha tinali ine ndi nsomba imodzi ya m'galasi pakona, ndipo pofika masana tinali titadziwana bwino. Ndinaiuza za Tekla. Ndinaiuzanso za kamtsikana kokhala pa bokosi la masipanala. Nthawi ndi nthawi ndinkapita kukafunsa mtsikana wolandira odwala uja ngati kuli nkhani, mpaka anayamba kupukusa mutu ndisanadzuke n'komwe.

Atandiitana ndinapeza Lesia atakhala pabedi, maso olemera, akumwa madzi ndi kapaipi. Dokotala, mayi wamtali dzina lake Thiessen, anati ndimvetsere nawo chifukwa wodwala akangodzuka amaiwala.

"Tapeza mwala m'chikhodzodzo," anatero.

"Ndinadziwa," ndinatero ine. "Waukulu ngati mphero eti? Tibwereke ngolo?"

"Ngati dzira la njiwa, bambo. Koma ndi wokwanira. Tizilombo timabisala mmenemo, mapilitsi akadutsa timatulukanso. Chikhodzodzonso chinatanuka chifukwa chosunga madzi nthawi yaitali, sichikhuthula onse. Impso zikadali bwino, mwafika nthawi yake. Mudzabwerenso mwezi wamawa tidzauphwanye mwalawo. Tsiku limenelonso mudzafunika wokuperekezani. Ndipo kuyambira lero, mayi, muzimwa madzi, muziimitsa makina anuwo thupi likapempha."

"Pamtetete paja?" anafunsa Lesia ndi lilime lolemera.

"Gireda ndi yaikulu. Imani mbali imene kulibe mawindo a anthu."

Potuluka anandigwira mkono, koma ananena kuti akuopa kuti ndingaterereke. Chipale chinali chitaunjikana kufika m'akakolo. Ndinadziwa chimene chikumudya: mwezi wamawa, funso lomwe lija. Ndiye ndinatsegula pakamwa kuti ndimusangalatse.

"Ukanamuona wokonza uja! Nkhalamba ya diso limodzi, ndevu zake amazikulunga m'khosi m'malo mwa sikafu. Shopu yake ili tsidya la mtsinje, ndinawoloka milatho isanu ndi iwiri, wina ndinauwoloka chammbuyo. Atatsegula akodiyoni anapezamo banja la mbewa, ana ake atabadwira m'nyimbo moti amalira motsatana mawu. Anaisoka ndi chikopa, ine n'kuiyesa pomwepo. Iwe, magalimoto anaima! Wapolisi anavula chipewa n'kuyamba kuvina ndi mayi wogulitsa maluwa. Koma akuti ulusi wina alibe, ndidzabwere nayonso."

Tinafika pa pikapu. Lesia sanakwere. Anaizungulira pang'onopang'ono, akugwira m'mbali, n'kuima kumbuyo. Kenaka anawerama movutikira n'kusuzumira pansi pake. Ndinaganiza kuti mankhwala a tulo aja akumuzunguza. Anakwera, ine n'kukhala pa chiwongolero.

"Amalume."

"Ee, mwana wanga."

"Chipalechi chinayamba liti?"

"Titangofika. Unachiona wekha."

"Pansi pa galimotoyi m'pouma. Kumbuyoku kulibe ngakhale mzere umodzi wa tayala. Milatho isanu ndi iwiri ija munawoloka mukuuluka?"

"Aa, ndaiwala kunena. Ndinakwera basi. Mzinda uno mabasi ake ndi aulemu, dalaivala anandipatsa mpando wake."

"Mutanyamula akodiyoni."

"Pamutu."

Anatembenuka n'kuloza kumbuyo. Bokosi linali pamalo pake, lamba ali chimangire. Pamwamba pake panali golovesi yake yantchito, yakuda ndi mafuta, imene anaisiyapo m'mawa potsika. Inali momwe anaiikira, zala ziwiri zitatambasuka.

Ndinatsegula pakamwa, koma kwa nthawi yoyamba chibadwire munalibe kanthu. Mwina kangaude uja anasamukira kwa ine.

Lesia anatenga botolo la madzi limene anamupatsa kuchipatala, anamwa mpaka theka, n'kupukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. Anayang'ana kutsogolo, kumene chipale chinkatsetsereka pagalasi.

"Mwanama, amalume. Galimotoyi sinasunthe, akodiyoni sinasunthe, inunso simunasunthe. Mtsikana wa pa desiki uja wandiuza kuti mwatopetsa ngakhale nsomba." Anatseka botolo. "Ulusi umene wasowawo, muwauze a diso limodziwo kuti upezeke mwezi wamawa. Tsiku lake ndikuuzani ndine."